Yankho Long'ambika

Aliyense mumsewu umenewo ankamutcha Nanyuzi, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. M'shopu ya magalasi ya achimwene ake, galasi lililonse likadulidwa ankalikulunga m'nyuzipepala zakale, koma palibe tsamba limene linkatuluka pakhomo iye asanaliwerenge. Kasitomala ankaima mpaka miyendo kuwawa, kudikira kuti mtsikanayo amalize ndime.

"Iwe, anthuwa abwerera galasi, sanabwerere sukulu!" achimwene ake ankakalipa motero tsiku ndi tsiku, koma kukalipa kwake kunali kwa pakamwa chabe. Anamulera okha chimwalirireni mayi awo, ndipo ankanyadira kuti mlongo wawo amadziwa zinthu kuposa wailesi.

Lolemba lina m'mawa kunalowa mnyamata wamtali, kamera ili pakhosi, zithunzi zili m'envulopu. Anali wojambula amene anthu ankamutcha Sekani, chifukwa asanadine kamera ankakonda kunena kuti, "Sekani pang'ono!" Anabwera kudzaikitsa zithunzi m'mafelemu.

Nanyuzi anali atawerama pathebulo lodulirapo, maso ali pa tsamba la mafunso. Mnyamatayo anasuzumira n'kuwerenga mokweza.

"Likulu la Australia ndi mzinda uti? Aa, zophweka izi. Sydney."

"Canberra," anatero Nanyuzi osadzutsa mutu.

"Pepani achemwali, koma ndi Sydney. Ngakhale mwana amadziwa."

"Ndiye mwanayo akumunamiza. Ndi Canberra."

Sekani anatulutsa foni, anadinadina, kenako anangoti kukamwa yasa! Anayang'ana foni, anayang'ana mtsikana wovala epuloni yodzaza fumbi, anayang'ananso foni.

"Koma inu! Mwazidziwira kuti zimenezi?"

"M'mapepala okulungira omwewa."

"Ine ndiye ndikangofika pakhomopo ndikhala nditaiwala. Mutu wangawu ndi wobooka."

Apa m'pamene Nanyuzi anadzutsa mutu. Akanadziwa, bwenzi atangopitiriza kuwerenga! Koma maso a mnyamatayo anali oseka, ndipo pakamwa pa Nanyuzi panayamba kuyenda pokha.

"Ingokumbukirani mawu akuti ‘kandibera’. Kandibera, Canberra. Simudzaiwalanso."

"Kandibera," Sekani anabwereza pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa. "Zoonadi. Kandiberadi mtima kamtsikana aka."

Chodulira galasi chinamupulumuka m'dzanja n'kugwera pansi. Zaka zisanu ndi zitatu akudula magalasi, chinali chisanamugwepo! Achimwene anatsokomola kuseri kwa kauntala, chifuwa chopanda chimfine.

Madzulo a tsiku lomwelo, akutseka mawindo a shopu, foni yake inalira. Anali Sekani, amene anatenga nambala yake ponamizira kuti azidzafunsa ngati mafelemu atha.

"Kandibera wanga, funso la lero: phiri lalitali kuposa onse mu Africa ndi liti? Ukakhoza, ndikupatsa mtima wanga wonse."

Nanyuzi anaseka yekha ngati wopenga, n'kuyankha: "Kilimanjaro. Kumbukirani kuti ‘kulima njala’, poti pamwamba pake sipamera kanthu. Mtimawo bweretsani."

"Wafika kale. Tayang'ana m'thumba la epuloni yako."

Ndipo iye, munthu wamkulu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, anapisadi dzanja m'thumba! Chikondi chimapusitsa, abale.

Kuyambira pamenepo dzuwa silinkalowa popanda funso. Tsiku lachiwiri lomwe analeka kutchulana kuti "inu". Nanyuzi anamulembera dzina lake lenileni, limene mayi ake anamupatsa, koma Sekani anayankha kuti, "Ndi lokongola, koma kwa ine ndiwe Kandibera basi." Nanyuzi anaona ngati amenewo ndi mawu okoma kwambiri padziko lapansi.

Mafunso ankabwera awiri, atatu, nthawi zina asanu patsiku, lililonse litavala shuga.

"Duwa langa, likulu la Peru?"

"Lima. Tenga khasu, ukalime ku Peru."

"Nyenyezi yanga, mpikisano woyamba wa mpira wa dziko lonse unachitikira kuti?"

"Ku Uruguay, mu 1930, ndipo chikho anachitenga eniake. Mlendo sanapite ndi kanthu."

"Wapamtima, gitala wamba ali ndi nsambo zingati? Nanga nyimbo za rege zinayambira dziko liti?"

"Nsambo zisanu ndi imodzi, ngati masiku anga a ntchito. Rege ndi wa ku Jamaica."

"Nanga likulu la Mali, mfumukazi yanga?"

"Ukafika ku Mali usatukwane, Bamako ali pomwepo."

Limeneli linamuseketsa Sekani mpaka anaimba foni akulephera kupuma. "Iwe udzandipha! Zapafoni ndikawerenga zimandithawa, koma zako zimamatirira m'mutu ngati ulimbo. Ndiwe yankho la funso limene ndakhala ndikufunsa moyo wanga wonse."

Ndani akanalimba atamva mawu otere? Nanyuzi anali atazolowera anyamata omuthawa. Wina anamuuzapo maso ndi maso kuti mkazi wodziwa zambiri amatopetsa. Lero apa panali mwamuna wokonda chinthu chomwecho chimene ena ankachiopa. Mtima wake unali m'malere.

Masana ena Sekani ankabwera ndi botolo la zakumwa zozizira n'kukhala pampando wa makasitomala. Ankatulutsa kabuku kakang'ono kachikuto chofiira n'kumalemba timawu tonse ta Nanyuzi.

"Ukulemberanji?" anamufunsa tsiku lina.

"Ndimasunga mawu ako m'thumba la malaya, pafupi ndi mtima. Tikadzakalamba ndizidzawerengera adzukulu athu."

"Adzukulu? Wafika kale kumeneko?"

"Ndinafika tsiku loyamba lija. Tamvera, Kandibera. Mayiko onsewa amene umangowaona papepala, tsiku lina ndidzakutengera. Udzaponda Lima ndi mapazi akowa. Ndikulonjeza."

Loweruka lokha ndi limene sankaoneka. Ankati ndi tsiku la maukwati, wojambula sapuma. Foni inkakhala yotseka masana onse, ndipo Nanyuzi ankamumvera chisoni kuti akukhetsa thukuta chifukwa cha tsogolo lawo.

Achimwene okha ndi amene sankasangalala. Tsiku lina akupala m'mbali mwa kalilole anayamba nkhani ngati akulankhula ndi kaliloleyo.

"Mwamuna wanji wongofunsa mafunso ngati wapolisi?"

"Ndi masewera athu, achimwene. Simungawamvetse."

"Mwina. Dzulo anakufunsa chiyani?"

"Anafunsa kuti pa tenisi munthu akakhala alibe chigoli amati chiyani. Ziro wa pa tenisi amamutchula ndi liwu lachingerezi lotanthauza chikondi."

"Chikondi ndi ziro? Anthu a tenisi anaona patali," anatero achimwene. "Tsono iweyo, wamufunsapo mafunso angati? Amakhala kuti? Makolo ake ndani?"

Nanyuzi anafufuza m'mutu mwake. Ankadziwa kutalika kwa mtsinje wa Nile. Ankadziwa kuti timu ya netibolo imalowa m'bwalo ndi osewera asanu ndi awiri. Koma kumene Sekani ankagona, ankangodziwa kuti ndi "kuseri kwa siteji ya basi".

"Ngati ndi munthu wolongosoka, abwere kunyumba adzandione ngati mlamu, osati ngati kasitomala," anatero achimwene. "Sindinakulere kuti uzidyedwa mutu ndi mafoni."

Nanyuzi anaopa kuti Sekani akana, koma anavomera msanga. "Loweruka likubwerali, 4 koloko. Ndidzangomaliza kantchito kamodzi. Ndidzagwada pamaso pa achimwene ako, ndidzawauze kuti popanda iwe ndine kamera yopanda batire."

Lachinayi anabwera ndi kabuku kake, akuoneka wotopa. Anafunsa mafunso khumi motsatizana, ngati munthu wothamangira basi. Lomaliza linali ili:

"Ndi dziko liti limene mbendera yake si ya ngodya zinayi?"

Nanyuzi anamwetulira. Funso limeneli analiona zaka ziwiri zapitazo pa tsamba lina limene linali long'ambika m'munsi, pamene pamakhala mayankho. Pa yankho la funsolo panangotsala zilembo ziwiri: "Ne". Iye anaganiza kuti, dziko loyamba ndi "Ne" limene aliyense amalidziwa ndi liti? Si lija la timu ya mpira yovala malaya a olenji? Anadzaza yekha zilembo zotsalazo, ndipo pakupita kwa nthawi anaiwala n'komwe kuti anachita kudzaza.

"Netherlands," anayankha mosakayika. "Uzingoti, ‘Nedalandi, ngodya adalanda.’"

"Nedalandi, ngodya adalanda!" Sekani analemba akuseka, n'kumupsompsona padzanja. "Ndikanatani popanda iwe?"

Loweruka kunacha ndi mvula. Shopu ankatseka 12 koloko, ndipo Nanyuzi anali ndi ntchito imodzi yotsala: mphatso ya Sekani. Anali atamuikira mapu a dziko lonse m'felemu yakuda, galasi lake lodula yekha, m'mbali mosalala ngati mbale. Anafuna pepala labwino lokulungira, choncho anafukula mpaka pansi pa mulu wa nyuzipepala.

Pansi penipeni panali kachidutswa kachikasu, kotalika ngati chala. Mwachizolowezi anakawerenga. Panali manambala, timizere, ndi zilembo zitatu kumayambiriro kwa mzere wina: "pal".

 Anathamangira ku kabati kumene ankasunga masamba a mafunso, anapeza tsamba long'ambika lija, n'kulumikiza. Zinagwirizana ndendende.

Nepal.

"Mayo ine!" anafuula. "Ndamunamiza!"

Manyazi anamugwira ngati waba. Zaka ziwiri akuyenda ndi bodza m'mutu, iye Nanyuzi, amene msewu wonse unkamudalira pothetsa mikangano! Analembera Sekani uthenga:

"Wokondedwa, ndinalakwitsa. Mbendera ija si ya Netherlands, ndi ya Nepal. Fufuta m'kabuku, adzukulu athu angadzandiseke. Ndikukudikira."

Uthengawo unapita koma sunafike. Foni inali yotseka, monga mwa Loweruka lililonse.

Nyumba yawo inali kuseri kwa shopu. Pofika 2 koloko pabalaza panali pakuwala. Mlamu wake, mkazi wa achimwene, anali atayala nsalu yatsopano pathebulo ndi kutulutsa mbale za alendo. Achimwene anavala jekete ndi malaya oyera ositidwa bwino, n'kukhala pampando wawo ngati akudikira kujambulidwa. Nanyuzi anasintha diresi katatu.

Loweruka masana wailesi ya m'nyumbamo inali ya achimwene ndi mpira wawo, palibe ankaikhudza. Koma tsiku limenelo woulutsa anati bwalo ladzaza madzi, masewera aimitsidwa.

"Mulungu wandimvera," anatero mlamu akutembenuza wailesi. "Lero ndimvereko pulogalamu ya anthu apachibwenzi ija imene anzanga amaikamba kumpopi. Akuti lero ndi ndime yomaliza. Opambana awapatsa zovala zaukwati ndi holo yochitiramo phwando."

"Amachita chiyani?" anafunsa Nanyuzi akukonza tsitsi pa kalilole.

"Amayankha mafunso. Zako zomwe zija."

Mawu a woulutsa anadzaza pabalaza. "Kwatsala mabanja awiri okha a m'tsogolo! Miyezi itatu yapitayo tinawapatsa mndandanda wa mafunso mazana awiri, opanda mayankho, kuti akafufuze okha. Mafoni onse tawalanda pakhomo. Tiyambe ndi inu, achemwali a kusitolo ya mankhwala. Likulu la Peru?"

"Lima!" anayankha mtsikana wa mawu anthetemya. "Tenga khasu, ukalime ku Peru!"

Anthu a mu situdiyo anaseka. Chipeso cha Nanyuzi chinaima m'tsitsi.

"Phiri lalitali kuposa onse mu Africa?"

"Kilimanjaro. Kulima njala!"

Achimwene anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mlongo wawo. Nanyuzi anapukusa mutu. Ayi. Mwina zangofanana. Kodi mawu ali ndi mwini? Mwina Sekani anauzako mnzake wina, mnzakeyo n'kuuza wina. Mawu amayenda, si choncho?

"Likulu la Mali?"

"Ukafika ku Mali usatukwane, Bamako ali pomwepo!"

Situdiyo yonse inafa nacho chiseko. 

"Koma achemwali inu mwatisangalatsa miyezi yonseyi," anatero woulutsa. "Timawu timeneti mumatitenga kuti?"

"Amandipangira ndi bwenzi langali. Ali ndi kabuku kofiira kodzaza. Amakhala pansi yekha n'kumaganiza, kuti ine ndisavutike kuloweza."

"Achimwene, ndinu katswiri! Tiuzeni, chinsinsi chake n'chiyani?"

Ndiyeno anamveka mawu aja. Mawu amene Nanyuzi akanawazindikira ngakhale pakati pa msika.

"Chinsinsi ndi chikondi basi. Ukamukonda munthu, nzeru zimangobwera zokha."

Nanyuzi anasiya chipeso. Anakhala pansi, pasimenti penipeni, diresi lake latsopano lili chomwecho. Mlamu anatambasula dzanja kuti atseke wailesi.

"Isiyeni, alamu," anatero Nanyuzi ndi mawu amene iye mwini sanawadziwe. "Ndimve zonse."

"Likulu la Australia?" anafunsa woulutsa.

Mtsikana uja anaseka mwamanyazi. "Limeneli ndiye sindingaphonye. Canberra. Ndi dzina limene amanditchula. Amati ndine Kandibera, poti ndinamubera mtima."

"Eee! Mwakhala limodzi nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zitatu. Kandibera anayamba kunditcha miyezi itatu yapitayi."

Ngakhale dzina! Mayankho akanatenga, timawu akanatenga, koma dzina? Dzina limene linabadwira pathebulo lake lodulira magalasi, limene ankaliwerenga pafoni m'mawa uliwonse asanasukusule? Nanyuzi anamva kuwawa pachifuwa ngati wameza chidutswa cha galasi. Misozi inakana kutuluka.

Banja linalo nalo linkakhoza. Anafika pa funso lomaliza ali ofanana.

"Mukakhoza ili, ukwati ndi wanu," anatero woulutsa. "Mukaphonya, lipita kwa anzanuwa. Ndi dziko liti limene mbendera yake si ya ngodya zinayi?"

Nanyuzi anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Tapambana, wokondedwa!" anakuwa mtsikana uja asanayankhe n'komwe. "Netherlands! Nedalandi, ngodya adalanda!"

 Kenako belu la kuphonya linalira.

"Pepani kwambiri. Anzathu a mbali iyi?"

"Nepal," anatero mwamuna wina modekha.

Wailesi inadzaza nthungululu ndi kuwomba m'manja. Chapansipansi, maikolofoni asanatsekedwe, anamveka mawu a mtsikana uja akulira: "Unati unafufuza wekha! Wazitenga kuti zimenezi? Anakuuza ndani?"

Achimwene anatseka wailesi. Anayang'ana malaya awo oyera, anayang'ana mbale za alendo, koma sananene kuti "ndinakuuza". Nanyuzi akanakonda akananena, mwina akanapeza wokangana naye.

"Sabwera," anatero mlamu motsitsa mawu. "Alibe nkhope yobwerera kuno."

Koma anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo. Itangodutsa 5 koloko, chitseko chinagogodedwa mwamphamvu. Nanyuzi anatsegula yekha.

Sekani anaima pakhonde atanyowa chonyowa, suti itamatirira pathupi, foni ili m'dzanja. Pa tsaya lake panali mizere itatu ya zikhadabo. Sanapereke moni. Anamuonetsa foniyo, uthenga wa m'mawa uja uli poyera.

"Bwanji sunatumize dzulo?"

Nanyuzi anamuyang'ana kumaso. Pa mawu onse a padziko lapansi, amenewa ndiwo anabwera nawo?

"Wati chiyani?"

"Uthengawu! Ukanatumiza dzulo, bwenzi..." Apa Sekani anaona wailesi pathebulo. Anaona achimwene ataimirira, manja ali kumbuyo. Anaona maso a mlamu. 

"Bwenzi chiyani?" anafunsa Nanyuzi. "Maliza. Bwenzi mutapeza holo?"

Nkhope ya Sekani inasintha pomwepo ngati wadina batani. Anagwada pakhonde, m'madzi momwemo.

"Kandibera wanga, ndimvetsere. Si mmene ukuganizira. Uja ndi mnzanga chabe, tinangogwirizana kuti tilowe mpikisano. Ndimafuna ndipambane kuti zovalazo zikhale zako, holoyo ikhale yathu. Ndimafuna ndikudzidzimutse!"

"Wandidzidzimutsadi."

"Ndikulumbira! Zaka zitatu zija ndi zongopeka za pa wailesi. Ndimakonda iwe wekha. Ndiwe mpweya wanga, ndiwe..."

"Mapanga awiri avumbwitsa, mnyamata," anatero achimwene. "Taona mmene wanyowera."

Chomvetsa chisoni n'chakuti mbali ina ya mtima wa Nanyuzi inkafuna kukhulupirira. Maso ake anali omwe aja, oseka ngakhale akulira. Bwanji ngati akunena zoona? Bwanji ngati zinayamba ngati bodza koma kenako anamukondadi? Akamuthamangitsa, adzapezanso ndani womufunsa za Peru?

Anapuma mozama.

"Sekani, wandifunsa mafunso mazana awiri, ndipo ndaphonya limodzi lokha. Ine sindinakufunsepo kanthu. Lero ndikufunsa limodzi. Ukakhoza, ulowa m'nyumba muno, ukhala pampando, ndipo ndikhulupirira zonse zimene wanena."

"Iwe, usachite zimenezo," anatero achimwene.

"Ndisiyeni, achimwene."

"Funsa, duwa langa," anatero Sekani, nkhope ikuwala. "Funsa chilichonse!"

"Dzina langa ndani?"

Sekani anaseka. "Kandibera."

"Limenelo lili ndi mwini wake, msewu wonse wamva."

"Nanyuzi."

"Limenelo ndi la makasitomala. Ndikufunsa dzina limene mayi anga anandipatsa. Ndinakulembera tsiku lachiwiri, iwe n'kunena kuti ndi lokongola."

Mvula inkagunda pamalata.  Maso a Sekani anathamangira pafoni, koma achimwene anaika dzanja lawo lalikulu pamwamba pake.

"Mafoni amalanda pakhomo," anatero.

"Limayamba ndi... dikira, lili pakamwa pomwepa. Limayamba ndi Ma... ayi, Chi..." Dzanja lake linapita lokha m'thumba la malaya, pa kabuku kofiira kaja, n'kubwerera. Ankadziwa kuti m'menemo mulibe.

Nanyuzi anadikira. Anawerenga mumtima mpaka makumi atatu, monga amachitira pa wailesi. Mumtimamo ankapemphera kuti akhoze. Inde, ankapemphera! Mpaka sekondi yomaliza ankamupempherera munthu amene anamuyenda njomba.

"Nthawi yatha," anatero. "Likulu la Mali ukulidziwa. Nsambo za gitala ukuzidziwa. Dzina langa lokha ndi limene sindinakupangire kanyimbo."

"Ndipatse mwayi wina, chonde!"

Nanyuzi analowa m'nyumba n'kutulukanso ndi kachidutswa kachikasu kaja. Anakaika m'dzanja lonyowa la Sekani.

"Tenga, ukamate m'kabuku kako. Yankho lija ndinangoliona zilembo ziwiri, zinazo ndinadzaza ndekha. Ndi iwenso ndinachita chimodzimodzi."

Anatseka chitseko. Anamva Sekani akuitana kawiri, "Kandibera! Kandibera!" Kenako anamva nsapato zikuphwanya madzi, kulowera kumsewu.

Mphatso ija inali itatsamira khoma pafupi ndi kabati, yokulungidwa bwino, yomangidwa ndi kansalu kofiira. Nanyuzi anaiyang'ana. Mkati mwake munali Lima, munali Canberra, munali mayiko onse amene analonjezedwa. Anaima pakati pa balaza, manja ali lende, osadziwa kuti apite kuchipinda kapena akhale pansi.

Foni yake inalira. Anaitenga mwachizolowezi, poti nthawi imeneyo inali ya funso la madzulo.

"Ndakumbukira! Ndi Nanyuzi basi, eti? Unkangondiyesa."

Ndiye kuti ngakhale uthenga wa dzina lija Sekani anaufufuta kalekale. Nanyuzi anazimitsa foniyo n'kuiika chafufumimba pathebulo, pakati pa mbale za alendo.

Pamenepo achimwene, munthu amene sankadziwa kutonthoza ngakhale mwana, anayandikira. Anavula jekete lawo n'kumufunditsa m'mapewa. Ndipo chapansipansi anamuitana ndi dzina lake lenileni, lonse lathunthu, mmene mayi awo ankalitchulira akamamudzutsa m'mawa.

Nanyuzi anali atatha zaka osalimva pakamwa pa munthu. Anayankha kuti, "Wawa, achimwene," ndipo misozi imene inakana tsiku lonse inayamba kutsika.